Kukajambula nyama kumapeto a sabata kuchokera ku Tete: zimene anzanu adzafunse

Nkhani yake imayamba madzulo, kutentha kwa Tete kutayamba kulekerera. Anthu anayi akhala pabaraka ina m'mbali mwa Zambezi, magetsi a pamlatho wa Samora Machel ayaka, ndiye wina watulutsa foni n'kuonetsa anzake chithunzi cha njovu chimene mlamu wake anajambula. "Ifeyo chingatikanike n'chiyani?" Pofika botolo lachitatu galimoto yapezeka, tsiku lasankhidwa, woyendetsa wadzipereka. Mafunso enieni amabwera Lolemba, mitu itazizira.

Kodi m'chigawo cha Tete muli paki ya nyama, kapena mpaka tiwoloke malire?

Ilipo, ngakhale ambiri a mumzinda muno sanapondemo. Ndi paki ya Mágoè, imene boma linakhazikitsa mu 2013 kummwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, m'maboma a Mágoè ndi Cahora Bassa. Kukula kwake ndi masikweya kilomita opitirira 3,500, kotero kuti Majete ya ku Malawi ingalowemo kasanu. Imayang'aniridwa ndi ANAC, bungwe la boma losamala malo otetezedwa. Muli njovu, mvuu, ng'ona, njati, ngoma, nswala, anyani ndi mbalame za m'madzi zochuluka. Mikango ndi anyalugwe aliko, koma musalonjeze mwana kunyumba kuti mukabwera ndi chithunzi chake.

Loweruka ndi Lamulungu akwana?

Mukanyamuka Loweruka m'mawa sakwana. Mudzafika dzuwa lili paliwombo, nyama zonse zitabisala pamthunzi, inunso mutatopa ndi msewu. Pemphani theka la tsiku kuntchito, munyamuke Lachisanu masana. Mumatuluka mumzinda ndi msewu wa N7 wolowera ku Changara, n'kupatukira kumanja pa Matambo kutsata msewu wa ku Songo, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete. Pa Chitima ndi pamene njira ya ku Mágoè imalowera kuzambwe, kudzera ku Chicoa. Mukagona kufupi ndi nyanja usiku wa Lachisanu, mwapeza m'mawa awiri ndi madzulo amodzi. Kwa wojambula ndiwo ulendo wonse: maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri a kuwala kwabwino. Ena onsewo ndi oyendetsa galimoto, kudya, kukangana ndi kugona.

Bwanji osangopita ku Gorongosa, kumene aliyense amakutama?

Chifukwa cha mtunda basi. Gorongosa ili ku Sofala, ndipo kuti mukafike pa msasa wa Chitengo muyenera kutsika N7 mpaka ku Chimoio, kupitirira ku Inchope, n'kukhotera kumpoto: makilomita opitirira 500. Ndi paki yokongola kwambiri, yomwe inakhazikitsidwa mu 1960, inatha nyama pankhondo ya pachiweniweni imene inafika 1992, kenako n'kudzukanso boma litagwirizana ndi bungwe la Greg Carr mu 2008. Lero muli mikango, mimbulu imene anaibwezeramo mu 2018, ndi anakodzwe odzaza dambo lonse. Koma ikufuna masiku anayi, ndipo nyengo ya mvula imatsekedwa. South Luangwa ya ku Zambia, kudzera pachipata cha Cassacatiza, Katete, Chipata mpaka Mfuwe, nayo ndi yotero. Sungirani maulendo amenewa tchuthi chenicheni.

Mnzathu wina akuti iye akufuna mkango, si mbalame. Timuuze chiyani?

Muuzeni atenge pasipoti. Malo apafupi amene munthu wa ku Tete angaone mkango, njovu, njati, chipembere ndi nyalugwe m'mpanda umodzi ndi Majete, ku Chikwawa. Mumadutsa Moatize, n'kuwoloka malire pa Zóbuè ndi Mwanza, makilomita pafupifupi 120 kuchokera muno, kupitirira ku Blantyre, kenako kutsika zikhotakhota za kuchigwa cha Shire. Majete inali itatsala tchire lokhalokha pamene African Parks inayamba kuiyendetsa mu 2003. Chaka chomwecho anabwezeramo zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango, mu 2018 anyamalikiti. Ndi yaing'ono, masikweya kilomita 700, yotchingidwa ndi mpanda, misewu yake yolembedwa bwino, ndipo nyama zinazolowera galimoto. Kumeneko chithunzi chimabwera msanga.

Ku Mágoè ayi. Paki yake ndi yatsopano, yotakata, anthu akukhalamo, ndipo nyama zake zimamudziwa munthu ngati mlenje kapena mwini munda wokwiya. Zikamva injini zimalowa m'tsanya. Ndiye sankhani musananyamuke, ndipo sankhani chimodzi. Ndinaonapo gulu likufuna kugona ku Songo Lachisanu n'kukadzuka ku Majete Lamulungu. Anabwera ndi zithunzi za mzere wa mathiraki pa Zóbuè. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndikadasankha, ulendo woyamba ndikadapita ku Majete kuti manja azolowere kamera, wachiwiri ku Mágoè kuti maso aphunzire kufunafuna.

Ngati nyama zake ndi zamantha, ku Mágoè tikajambulako chiyani?

Madzi. Nyanja ya Cahora Bassa inabadwa pamene khoma la damu la ku Songo, lotalika mamita 171, linatseka Zambezi mu 1974, ndipo inatalika makilomita pafupifupi 250 kulowera ku Zumbo. Chilichonse chamoyo m'dera louma ngati limeneli chimayenera kutsikira kumadzi, ndiye wojambula wanzeru sathamangitsa nyama m'tchire. Amapeza gombe lokhala ndi mapazi ndi ndowe zatsopano, amakhala pansi kutali pang'ono, mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kwa iye, n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Podikirapo simusowa chojambula. Nkhwazi imakhala pamitengo youma yotuluka m'madzi, ndipo ikalira imapendeketsa mutu chagada. Mukaidziwa mphindi imeneyo mwapeza chithunzi chopachika pakhoma. Akakowa amatsata mvuu zikamadya msipu wa m'mbali. Nantchengwa amayenda m'matope ngati munthu wotaya ndalama. Kumtunda kuli malambe, amene chilimwe amaima opanda tsamba ngati azulidwa n'kubzalidwa chadodolido, ndi nkhalango ya tsanya yomwe masamba ake amasanduka ofiirira ngati mkuwa pofika Ogasiti. Usiku pamadzi pamayaka nyali za mabwato opha kapenta. Kansomba kameneka si ka mu Zambezi: kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anakaika mu Kariba m'zaka za m'ma 1960, ndipo kanatsika ndi madzi mpaka kudzakhazikika kuno. Nyali zimenezo, kamera itakhazikika pamwala kwa masekondi angapo, zimatuluka ngati mudzi woyandama.

Chinanso chimene Majete ilibe: m'dera la Mágoè muli mitengo imene inasanduka miyala zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ina yagona pansi thunthu lonse, mizere ya khungwa ikuonekabe. Ijambuleni m'mawa, kuwala kukuchokera m'mbali, kuti mizereyo ituluke. Musatoleko kachidutswa koika pashelefu.

Mwezi wabwino ndi uti?

Kuyambira Juni mpaka Seputembala. Udzu wagwa, zithaphwi za m'tchire zauma, misewu ya dothi ndi yolimba, ndipo m'mawa kumazizira moti mudzafuna juzi. Okutobala ndi Novembala nyama zimaunjikana kwambiri kumadzi, koma kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mpweya wotentha wochokera pansi umagwedeza chithunzi chilichonse cha patali ngakhale kamera ikhale yodula bwanji. Utsi wa moto wolusa wa miyezi imeneyo uli ndi mphatso imodzi: dzuwa limalowa lili lofiira ngati khala, ndipo mungalijambule lathunthu kuseri kwa mlambe. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tchire limabiriwira, mbalame za kutali zimafika, nswala zimakhala ndi ana, koma mitsinje youma imadzaza mwadzidzidzi ndipo matope amagwira galimoto. Ulendo wa masiku awiri ulibe malo a tsiku lokumba matayala.

Galimoto yanga yaing'ono ya m'tauni ipirira?

Mpaka ku Songo, inde. Kupitirira apo pezani yokwera m'mwamba, makamaka yokoka matayala onse anayi. Tengani matayala a sipeya awiri, jeke yomwe mwaiyesa kunyumba, pampu, chingwe chokokera ndi fosholo. Zitsa za tsanya ndi zolimba ngati chitsulo ndipo zimaboola tayala m'mbali, pomwe sipamatika. Dzazani mafuta ku Tete, muonjezerenso pa Chitima kapena ku Songo, ndipo mukhale ndi chigubu china. Galimoto ziwiri zimaposa imodzi. Minibasi ya chapa ikhoza kukutulani pamudzi wa m'mbali mwa msewu, koma siidzakudikirani pagombe nthawi ya 5 koloko m'mawa.

Ndilibe kamera yaikulu ngati ya azungu aja. Ndikhale?

Musakhale. Kamera yakale ya lenzi yosintha, yokhala ndi lenzi ya 70-300mm, imakwanira njovu, mvuu ndi nkhwazi yokhala pamtengo. Tizimbalame tating'ono ndi timene timafuna 400mm kapena kuposa. Ngati pagulu panu pali kamera imodzi yokha, isinthaneni ndi maola, osati ndi nyama, chifukwa mukayamba kulandana njovu itatulukira mudzajambula denga la galimoto.

Foni nayo ili ndi ntchito yake, bola muidziwe malire. Imajambula bwino malambe, kulowa kwa dzuwa, mapazi a nyama pamchenga, anzanu akuphika, ndi njovu yokhala pakati pa dziko lake lonse. Imalephera mukatambasula chithunzi ndi zala kuti nyama iyandikire: chimatuluka phala. Ngati muli ndi magalasi oonera patali, gunditsani diso la foni pa diso limodzi la magalasiwo. Pamafunika dzanja lokhazikika, koma mvuu imatuluka ndi ndevu zake. Choipa cha foni n'chakuti imanyengerera mwini wake kuyandikira. Ngozi zambiri za pakati pa alendo ndi nyama zimayambira pamenepo.

Kamera ndiichune bwanji? Mabatani ndi ambiri.

Gwirani zinthu zitatu. Choyamba ndi liwiro la shata: 1/500 pa nyama yoyenda, 1/1000 kapena 1/2000 pa mbalame youluka, ndipo musatsike pansi pa 1/320 mukakoka lenzi mpaka 300mm muli chogwira m'manja. Chachiwiri, siyani ISO izidzisankhira yokha, muiikire malire a 3200. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka pakompyuta, chogwedezeka sichikonzeka. Chachitatu, lozetsani kadontho ka fokasi pa diso la nyama. Diso likaoneka lakuthwa, owonera amakhululukira zina zonse.

Musavutike ndi miyendo itatu m'galimoto. Thirani mpunga kapena nyemba makilogalamu awiri m'kathumba ka nsalu, musoke, muike pawindo, lenzi igone pamenepo. Woyendetsa azimitse injini musanadine, chifukwa kunjenjemera kwa dizilo kumafika mpaka pachithunzi. Mpungawo mudzauphika Lamulungu.

Ndipo usiku uliwonse bwezerani kamera pamachunidwe a m'mawa. Ine ndinajambula nyali za kapenta usiku wina, shata ili pa masekondi anayi, n'kugona osasintha. M'bandakucha ngoma yamphongo ya nyanga zopotana kawiri inaima pamtunda wa mamita makumi atatu, kundiyang'ana ngati yalipidwa. Ndinadina, kamera inakhala chete masekondi anayi, ndipo ndili ndi chithunzi choyera mbee chimene anzanga amachitchabe ngoma yanga.

Fumbi ndi kutentha siziononga zipangizo?

Zimaononga. Musasinthe lenzi galimoto ikuyenda kapena mawindo ali otsegula. Fundikani kamera ndi chitenje kapena pilokesi pamene simukujambula, ndipo musaisiye padashibodi: masana a kuchigwa cha Zambezi pamenepo mpoti n'kuwotchapo mbatata. Batire lachiwiri, makhadi awiri ndi chotchajira cha m'galimoto ndi zofunika kuposa lenzi yachiwiri. Netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imabwera n'kupita, ndiye tsitsani mapu mufoni mukadali mumzinda, ndipo uzani wina kunyumba kumene mwalowera ndi tsiku lobwerera.

Tingayandikire njovu mpaka pati?

Mpaka pamene yasiya zimene imachita chifukwa cha inu. Ikasiya kudya n'kukweza mutu, mwafika kale pamalire. Ikatambasula makutu, kupukusa mutu, kuponya fumbi, ikukuuzani kuti bwererani, ndipo bwererani mwakachetechete, osaliza hutala. Yoopsa kwambiri ndi imene yapinda makutu kumbuyo, chitamba chili chopindira mkati, ikubwera osalira. Imikani galimoto moyang'ana kotulukira nthawi zonse, musalowe pakati pa mayi ndi mwana, ndipo yamphongo imene ikuchucha madzi m'mbali mwa mutu ndi kudontha mkodzo m'miyendo ipatseni msewu wonse.

Njovu za m'dziko lino zili ndi chifukwa chokayikira munthu. Ku Gorongosa, pafupifupi theka la zazikazi zimene zinapulumuka nkhondo zinali zopanda minyanga, chifukwa za minyanga ndizo zinkaphedwa, ndipo zina zakale mpaka lero zimathamangitsa galimoto. Njovu imakhala zaka 60. Imene mukuiloza ndi lenzi mwina inaonapo chinthu chachitali chakuda chikuilozanso chimodzimodzi.

Nanga mvuu ndi ng'ona?

Izi ndizo muziope kwambiri ku Cahora Bassa, chifukwa mudzakhala nthawi yaitali pagombe. Mvuu imadya kumtunda usiku n'kubwerera m'madzi m'bandakucha, nthawi yomweyo imene inu mukufunafuna pokhala. Musaime pakanjira kake, kamene kamadziwika ndi mizere iwiri ya mapazi yotsikira kumadzi. Ikayasamula kukamwa konse sikuti ili ndi tulo, ikuonetsa mano kuti muione mphamvu. Chithunzi chake n'chokoma, koma musaombe m'manja kapena kuponya mwala kuti iyasamule. Ng'ona simuiona, ndiye vuto lake. Khalani mamita asanu kuchokera m'madzi, musagwade pamphepete kuti mupeze chithunzi cha pansipansi, musatsuke mbale pamalo amodzi kawiri, ndipo zosambira muiwale. Mukakwera bwato, valani jekete yoyandamitsa ndipo mubwerere kumtunda mphepo ya masana isanadzutse mafunde.

Tifunikadi kulipira ndi kutenga mlonda wa paki? Njira tikhoza kuipeza tokha.

Mufunika. Kaonekereni kuofesi ya paki, lipirani, sungani lisiti, ndipo pemphani mlonda, amene kuno timati fiscal, kuti akwere nanu. Iye amadziwa gombe limene njovu zinamwera dzulo, mudzi umene uli ndi mkwiyo chifukwa munda wadyedwa, ndi msewu umene unaduka mvula yatha. Inu mungayende masiku awiri osapeza chimene iye angakuonetseni pa ola limodzi. Safunsa anadya phula. Funsani mitengo ndi malo ogona ku ANAC kapena kuofesi ya paki sabata imodzi musananyamuke, ndipo tengani ma meticais a m'manja, osadalira M-Pesa kapena e-Mola kumene netiweki ikusowa. Chakudya cha mlonda ndi cha inu, ndipo kumuthokoza ndi kangachepe pomaliza si chiphuphu.

Ndalama ya pakhomo ili ndi mbiri yake m'dera limeneli. Paki isanabadwe kunali Tchuma Tchato, ndiye kuti chuma chathu, ntchito imene inayambira ku Bawa kufupi ndi Zumbo mu 1994, yoyamba ya mtundu wake mu Mozambique. Mfundo yake inali yakuti anthu okhala ndi nyama azilandirako gawo la ndalama zimene alenje olipira ankapereka. Lero lamulo limati 20 peresenti ya ndalama zotere ipite kwa anthu a m'deralo. Wolowera kumbali kuti apulumutse ndalama ya mowa akubera mayi amene mapira ake anadyedwa ndi njovu yomwe iye akufuna kuijambula.

Anthu a m'midzi ndi asodzi tingawajambule?

Mutapempha. Tsikani m'galimoto, perekani moni, funsani za kunyumba, kenako nenani chimene mukufuna. Chinyungwe ndi Chichewa zimamvana mokwanira kuti "Bambo, tingakujambuleni ndi ukonde wanuwu?" amveke. Akakana, thokozani n'kupita. Akalola, aonetseni chithunzicho. Ana musawajambule popanda kholo, ndipo musawaponyere maswiti pawindo. Mukafika pamudzi pomwe mukufuna kumanga tenti, yambani mwaonekera kwa mfumu. Ndipo musadabwe wina akakufunsani chifukwa chimene mwawotchera mafuta a makilomita mazana awiri kudzaona chilombo chimene iye amagona kumunda kuchiingitsa ndi moto ndi zitini. Funso limenelo lilibe yankho lachidule, mvetserani zimene akuuzeni.

Droni tibwere nayo? Khoma la damu tingalijambule?

Droni isiyeni, pokhapokha muli ndi chilolezo cholembedwa cha oyang'anira za ndege ndi cha paki. Kulira kwake kumafanana ndi kwa njuchi, ndipo njovu zimathawa njuchi. Khoma la damu ndi malo a magetsi a kampani ya HCB ndi otetezedwa. Funsani alonda musanatulutse kamera. N'chimodzimodzi pamilatho, pamalo a apolisi ndi pachipata cha malire.

Mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo anatha?

Mozambique inalengezedwa mu Seputembala 2015 kuti yachotsa mabomba onse okwirira amene ankadziwika, kuphatikizapo mizere yaitali imene inazungulira damu la Cahora Bassa kuyambira nthawi ya atsamunda. Yendani m'misewu ndi m'njira zimene anthu akuyenda. Mukaona chitsulo chachilendo chadzimbiri, musachigwire, uzani mlonda.

Tivale chiyani, tinyamule chiyani?

Zovala za mtundu wa dothi kapena udzu wouma, za manja aatali. Zabuluu ndi zakuda zimaitana kashembe, ndipo kashembe amaluma kupyola malaya opyapyala. Zoyera zimaonekera patali. Zamawangamawanga ngati za asilikali zisiyeni, zingakuvutitseni pamalo ofufuzira apolisi. Chipewa, nsapato zotseka, neti ya udzudzu, mankhwala odzola oingitsa udzudzu, tochi ya munthu aliyense, ndi madzi akumwa malita asanu pa munthu patsiku. Mukamva kutentha thupi sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. M'mbali mwa mitsinje samalani chitedze. Amene anachikhudzapo safuna kuuzidwa kawiri.

Pagulu tikhale angati, ndipo ndani asabwere?

Anayi pagalimoto, aliyense ndi windo lake. Wachisanu wa pakati amangoona makosi a anzake, ndipo pofika masana wayamba kufunsa nthawi yobwerera.

Za amene asabwere ndi nkhani yovuta, chifukwa nthawi zambiri ndi mwini galimoto. Pali mnzathu amene sangakhale mphindi khumi osayatsa nyimbo. Pali amene amaganiza kuti ulendo uliwonse wa kunyanja ndi wa mowa ndi kuwotcha nyama, ndiye 4 koloko m'mawa ukamudzutsa amatukwana. Pali amene akaona nswala amati "tiyeni, izi n'mbuzi," osadziwa kuti kuwala kumene kwagwera pa nswalayo sikudzabweranso tsiku limenelo. Onsewa ndi anthu abwino, ndipo muwatenge ulendo wina. Gwirizanani zinthu zitatu muli ku Tete: ola lodzuka, kuti amene wayamba kuona nyama anong'one n'kuloza m'malo mofuula, ndi kuti galimoto sichoka mpaka wojambula womaliza anene kuti wamaliza. Woyendetsa asinthidwe, chifukwa nayenso anabwera ndi kamera. Ndalama za mafuta, chakudya ndi pakhomo sonkhanitsani kwa munthu mmodzi musananyamuke. Ubwenzi wambiri unathera pa funso lakuti ndani analipira dizilo wa pobwerera.

Mowa? Madzulo, pamsasa, makiyi a galimoto atapachikidwa. Mabotolo ndi zitini zibwerere nanu ku Tete.

Tikasankha Majete, pamalire pafunika chiyani?

Pasipoti ya aliyense, mapepala a galimoto, kalata ya mwini wake ngati si yanu, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Malawi. Fikani pa Zóbuè m'mawa kapena masana, osati madzulo a Lachisanu pamene mathiraki a pa msewu wa Tete aunjikana. Sinthani ndalama kubanki kapena kumalo ovomerezeka. Malo ogona ngati Thawale sungitsiranitu, ndipo pali msasa wa matenti kwa amene thumba lili lopepuka. Mukafika, pitani mukaone mathithi a Kapichira pa Shire. Ndi pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene miyala ya Cahora Bassa inamubweza pa Zambezi.

Zithunzi tiziika pa Facebook nthawi yomweyo?

Dikirani mufike kunyumba, ndipo zimitsani chosonyeza malo mufoni ndi mukamera. Chithunzi cha chipembere kapena cha njovu ya minyanga ikuluikulu chokhala ndi malo ake enieni ndi tsiku lake ndi mapu kwa wakupha nyama. Lembani dzina la paki, osatchula gombe. Ndipo sankhani. Pa zithunzi 800 zimene mudzabwere nazo, onetsani khumi. Anzanu a pa WhatsApp sanalakwe kanthu kuti alandire mvuu imodzimodziyo maulendo makumi anayi.

Pobwerera tigule chiyani m'njira?

Nsomba youma ya chicoa, pende wa m'nyanja ngati bokosi la ayezi likadali lozizira, masau ndi malambe a ana kunyumba. Wina akakunong'onezani za nyama ya m'tchire, khungu kapena kachidutswa ka mnyanga, kanani ndipo musatsike n'komwe. Lamulo la zachilengedwe limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika zaka 16 za ndende pa nyama zotetezedwa, ndipo limagwira wonyamula ndi wogula, osati wakupha yekha. Nyama ya mbuzi ya ku Tete ilipo yambiri, ndipo palibe amene anamangidwapo chifukwa cha iyo.

Nyamukani ku Mágoè Lamulungu 11 koloko isanakwane. Msewu wa Chitima ndi Matambo madzulo umadzaza mbuzi, ng'ombe zobwerera kukhola ndi njinga zopanda nyali, ndipo woyendetsa wanu wadzuka 4 koloko masiku awiri otsatizana.